Pampu yoimba lamya ndi yabwino, koma adzuke ndani?

Mu Okutobala 2024 ndinaitanidwa ku sikimu ina ya ulimi wa mthirira cha ku Thambani kuno ku Mwanza kuti ndikaone chomwe chinkafotetsa chimanga chawo. Amene anandiimbira lamya ankaganiza kuti ndi matenda kapena mbozi, ndipo anandipempha kuti ndibwere ndi dzina la mankhwala. Nditafika sindinafunike n'kukumbukira komwe mabuku a ku Bunda. Chimanga chinali chitamasula ngayaye, masamba atapindika ngati a anyezi, nthaka ili gwa. Matenda ake anali ludzu.

Pampu yawo yoyendera mphamvu ya dzuwa inali itapsa masiku khumi m'mbuyomo. Madzi m'chitsime anatsika, monga anachitira m'zitsime zambiri chaka chimenecho, pampu n'kumazungulira yopanda madzi mpaka inatentha. Mlonda anali ku maliro kutsidya kwa malire ku Zobue. Thanki itauma, aliyense ankaganiza kuti mnzake wa kumtunda ndiye wathirira mopitirira muyeso, ndipo panatha masiku awiri anthu akulozana zala osadziwa kuti chipangizo chawo chafa kale.

Chaka chimenecho tonse tikuchikumbukira. Pa 23 Malichi 2024 mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi kaamba ka ng'amba ya El Niño. Chimanga cha m'dimbamo sichinali chootcha pamsewu, chinali nsima ya mabanja ya mu Disembala ndi Janyuwale. Ndipo poti kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pampu yomwe bungwe lina linawagulira zaka zam'mbuyo inali isali ya mtengo woti n'kusonkherana pansi pa mtengo wa mango tsiku limodzi.

Tikupuma pamthunzi, mayi wina wa m'komiti, amene amasunga chuma cha gululo, anandiuza kuti mwana wawo ali ku Joni amati kumeneko mapampu amaimba okha lamya akamva kudwala. Anafuna kudziwa ngati ndi zoona kapena mwanayo akuwaseleula poti sanapite patali ndi sukulu. Ndinawayankha kuti mwana wawo sakunama. Funso lawo lachiwiri, loti kodi iwonso agule, ndi limene ndakhala ndikulisinkhasinkha, ndipo lero ndaliika pa tsamba lino chifukwa ndikudziwa kuti ogulitsa zipangizozi ayamba kale kugogoda m'masikimu.

Chipangizo chake ndi kabokosi koposa pang'ono chikhatho cha munthu. Mkati muli simu khadi ngati ya m'foni mwanu ndi kabatire. Pambali pamatuluka mawaya opita ku tizida tomva zomwe zikuchitika: kena kamayandama m'thanki kapena kulendewera m'chitsime, kena kamamva ngati magetsi akuyenda, kena kamayeza kutentha, ndipo pena amazengeza kawaya kuseri kwa mapanelo koti kakaduka bokosi lidziwe kuti kwabwera alendo. Chimodzi mwa izi chikasintha, bokosilo limatumiza uthenga wa SMS kapena kuimba manambala omwe munaliuza. Mabokosi ena amakulolaninso kuyatsa ndi kuzimitsa pampu muli khale kunyumba.

Nzeruyi si yatsopano ayi. M'zaka za m'ma 1980 alimi a nkhuku ndi a maluwa ku America anali kale ndi mabokosi otere, monga a Sensaphone, olumikizidwa ku lamya ya mawaya. M'khola lotsekeka la nkhuku zikwizikwi, mafani akazima masana otentha nkhuku sizichedwa kuyamba kufa. Tsono bokosi linkaimba nambala yoyamba n'kulankhula ndi mawu ake kuti magetsi azima. Pakasowa woyankha linkaimba nambala yachiwiri, yachitatu, yachinayi, n'kubwereranso ku yoyamba ija, osatopa, mpaka wina avomereze kuti wamva. Lamya ya mawaya inalinso ndi ubwino wina umene achinyamata a lero saudziwa: mphamvu yake inkachokera ku ofesi ya matelefoni, choncho magetsi a pa famu akazima iyo inkakhalabe moyo.

Kuno kwathu mwayi umenewo unatilambalala. Ine ndinakula nthawi yomwe lamya kuno ku Mwanza zinkapezeka m'maofesi a pa boma, ku positi, ku chipatala ndi pa chipata cha malire basi. Mawaya sanafikepo pa dimba la munthu. Mu 2000 bungwe la MPTC linagawidwa pawiri, MTL n'kutenga za lamya, Malawi Posts Corporation n'kutsala ndi makalata, ndipo zaka zotsatira nkhani yomwe tinkamva kawirikawiri inali ya mbava zodula mawaya a kopa. Chomwe chinafika kumudzi ndi lamya ya m'manja. TNM inayamba mu 1995, Celtel mu 1999, yomwe inadzakhala Zain mu 2008 kenaka Airtel mu 2010. Lero nkovuta kupeza komiti ya sikimu yopanda foni ngakhale zitatu, ndipo ndi pa foni zimenezi pomwe nkhani ya pampu yoimba lamya yakhala yathu.

Amwenye anatitsogolera pa njira imeneyi. Injiniya wina wa ku Pune, a Santosh Ostwal, ali mnyamata ankaona agogo awo okalamba akudzuka pakati pa usiku kukayatsa pampu m'munda wa malalanje, chifukwa magetsi a kumudzi ankabwera nthawi yomwe afuna. Atakula anapanga kachipangizo kotchedwa Nano Ganesh, komwe kanapambana mphotho ya Nokia mu 2009. Mlimi amaimba nambala ya pampu, amamva kulira komuuza ngati magetsi alipo, n'kudina manambala oyatsira. Kunonso zilipo kale, kungoti si za alimi. Kudzera mu pulojekiti ya M-CLIMES yomwe inayamba mu 2017, boma ndi UNDP anaika zipangizo zoyeza nyengo ndi kuchuluka kwa madzi m'mitsinje zomwe zimatumiza zokha uthenga kudzera pa netiweki, ndipo m'maboma monga Karonga, Salima ndi Phalombe zimachenjeza anthu a kumunsi madzi akayamba kukwera kumtunda.

Maganizo anga ndi oti sikimu iliyonse yokhala ndi pampu yodula iyenera kukhala ndi chipangizo chotere pamalo pomwe netiweki ikugwira. Mbewu sizidikira komiti kuti ikumane Loweruka. Chimanga chikasowa madzi pa nthawi ya ngayaye ndi ndevu, mungu umafa, ndevu zimachedwa kutuluka, ndipo mumakolola zitsononkho zogweluka mano ngakhale mutadzathirira bwanji pambuyo pake. Tomato akamamwa lero n'kukhala ndi ludzu masiku anayi, amaola kumatako ndipo amang'aluka madzi akabwerera. Nanga mbande za nachesi zomezanitsa, zomwe ndi chuma cha boma lathu lino? Zili m'timachubu ta pulasitiki tosasunga chinyezi, ndipo dzuwa la Okutobala likhoza kufafaniza m'masiku ochepa ntchito ya chaka chonse. Anzathu a mkaka ku Thyolo ndi Chiradzulu ali ndi vuto lofanana ndi thanki yoziziritsira yomwe iyenera kusunga mkaka pa madigiri 4, chimodzimodzinso osunga katemera wofunika kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8. Ponsepa, kudziwa msanga ndi ndalama.

Komabe ndisakubisireni chomwe ndinapeza nditatsegula bokosi loyendetsera pampu ija ku Thambani. Kachida kozimitsa pampu madzi akatsika kanalipo. Mapampu ambiri a sola amabwera nako, chifukwa pampu yomira m'chitsime imaziziritsidwa ndi madzi omwe ikukokawo, ndipo ikazungulira youma imadzidya yokha. Koma munthu wina wodziwako za magetsi anali atalumikiza mawaya ake mwachidule kuti kasamagwire ntchito. Chifukwa chake? Ankati kakuvutitsa, kamangozimitsa pampu masana pomwe anthu akufuna madzi. Kachida kaja kankanena zoona kuti chitsime chatopa, anthu n'kukatseka pakamwa.

Choncho musanaganize za simu khadi, onani kaye kuti pampu yanu ikudziteteza yokha. Uthenga wa pa foni umatenga nthawi kuti ufike, munthu auwerenge, apeze njinga, awoloke khwawa. Pampu youma ilibe nthawi yonseyo. Dongosolo labwino ndi loti pampu izime yokha kaye, kenaka bokosi likuuzeni kuti yazima ndi chifukwa chake. Wogulitsa amene akukuuzani kuti uthenga wokha upulumutsa pampu yanu mumufunsitse bwino.

Tsono tifike pomwe pagona nkhani. Uthenga wafika 2 koloko usiku, kapena Lamulungu anthu ali m'tchalitchi. Wafika m'foni ya yani? M'masikimu ambiri omwe ndayendamo, chilichonse chooneka chaulemu chimapita kwa wapampando. Wapampando nthawi zambiri ndi bambo wachikulire, wolemekezeka, amene foni yake imakhala ku tchaji pa sitolo kapena ili ndi mdzukulu. Nambala yachiwiri amaika ya alangizi, amene ali ndi midzi yambirimbiri yoyendera ndipo mwina akukhala pa boma. Yachitatu ndi ya bwana wa bungwe lomwe linagula pampu, ali ku Blantyre. Onsewa ndi anthu ofunika, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene angafike pa chitsime mphindi makumi atatu zisanathe.

Pali phunziro la ku Kenya lomwe ndimalikonda. Akatswiri a ku yunivesite ya Oxford anaika tizida m'zigwiriro za mijigo ku Kyuso, m'dera la Kitui, tomwe tinkatumiza uthenga wa momwe mjigo ukugwirira ntchito. Poyesa mu 2013, nthawi yomwe mjigo unkakhala wakufa inatsika kuchoka pa pafupifupi mwezi wathunthu kufika pa masiku osaposa atatu. Ambiri akamva izi amayamikira kachidako. Koma kumbuyo kwa uthenga uja kunali amakaniko olipidwa, okhala ndi njinga yamoto ndi zitsulo zosinthira, amene ntchito yawo inali kunyamuka uthenga ukafika. Chotsani amakanikowo, mutsala ndi foni yodzaza mauthenga ndi mjigo wakufa. Ku Mwanza kuno, pampu ya sola ikaonongeka, wokonza wodalirika amachokera ku Blantyre, ndipo chitsulo chimene chafa mwina chiitanitsidwe kunja. Ndikanakhala ndi ndalama zokwanira chinthu chimodzi chokha, ndikanaphunzitsa achinyamata awiri pa sikimu iliyonse kuyeza magetsi, kutsuka mapanelo ndi kutulutsa pampu m'chitsime, bokosi loimba lamya n'kudzabwera pambuyo.

Za umbava nazo tizinene poyera. Mapanelo amabedwa, ndipo pokhala m'malire katundu sachedwa kuwoloka. Kawaya kozengeza kaja kakhoza kukudzutsani mbava zikadali pa ntchito. Koma kodi mayi wa zaka 60 amene walandira uthengawo athamangire yekha ku dimba mumdima kukakumana ndi anthu a zikwanje? Nkhaniyi ikambidwe ndi amfumu komanso achitetezo a m'mudzi isanachitike: aimbiridwe ndani, anyamuke anthu angati, ndipo wogwidwayo apite naye kupolisi. Sindikufuna kudzamva kuti chipangizo chomwe ndinalimbikitsa pa tsamba lino chasonkhanitsa gulu loti liphe munthu kaamba ka panelo.

Palinso tizinthu tooneka tating'ono tomwe timapha zipangizozi mwakachetechete. Kuyambira mu 2018 simu khadi iliyonse m'dziko muno imalembetsedwa ndi chiphaso cha munthu. Ya m'bokosi la pampu mulembetsa m'dzina la yani? Ndaonapo gulu lomwe linalembetsa nambala yake m'dzina la mlembi, mlembiyo n'kupita ku Joni, ndipo simu itavuta panalibe woti n'kukaisintha. Simu imafunanso mayunitsi, ndipo ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imaitseka. Bokosi lomwe lakhala miyezi isanu ndi umodzi osaona vuto likhoza kudzapezeka lopanda mawu tsiku lenileni la vuto.

Apa ndi pomwe ndimaumirira chinthu chimodzi kwa aliyense wondifunsa. Bokosi likakhala chete pali matanthauzo awiri: mwina zonse zili bwino, mwina lafa. Inu muli kunyumba simungasiyanitse. Gulani lokhalo lomwe lingathe kutumiza uthenga tsiku lililonse pa nthawi imodzimodzi, tinene 6 koloko m'mawa, wongonena kuti lili moyo. Tsiku lomwe uthengawo sufika, wina apite akaone ndi maso. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo bokosi nalonso ndi kandimverere, liyenera kumayesedwa. Kumbukirani kuti nsanja za netiweki nazo zimadalira magetsi ndi mafuta. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Janyuwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo Freddy atabwera mu Malichi 2023 madera ambiri a chigawo cha kummwera anakhala opanda magetsi ndi lamya. Masiku oterewa ndi omwe chenjezo limafunika kwambiri, ndiponso ndi omwe limasowa.

Ife a ku Mwanza tili ndi vuto lathulathu. Madimba ali m'makhwawa, pomwe netiweki imagwira bwino pa zitunda. Wogulitsa akakuonetsani bokosi likugwira ntchito pa boma m'mbali mwa msewu wa M6, sizitanthauza kuti ligwiranso kumunsi kwa phiri. Ndipo amene mumakhala kufupi ndi malire mukudziwa momwe foni imathawira yokha n'kukagwira netiweki ya ku Mozambique. Munthu amaona n'kuibweza. Bokosi lili lokha m'tchire silidziwa kutero pokhapokha woliika atalitchera kuti lisamasunthe pa netiweki ya kuno.

Funsaninso kuti bokosilo likuyendera netiweki ya mtundu wanji. Otchipa ambiri ndi a 2G, yomwe maiko ena ayamba kuizimitsa. Ku America kampani ya AT&T inatseka 2G mu Janyuwale 2017 ndi 3G mu Febuluwale 2022, ndipo zipangizo zambiri zochenjeza zinafunika kusinthidwa. Ku Britain akonza zozimitsa lamya zakale za mawaya pofika Janyuwale 2027, zomwe zikukhudza mabokosi a mtundu uja wa alimi a nkhuku. Katundu akatha ntchito kwa eni ake sataidwa, amatsika mtengo n'kuyamba ulendo wobwera kuno. Kwathu 2G ikugwirabe ntchito, koma pampu yabwino imakhala zaka zambiri, ndipo si nzeru kuimangirira ku chinthu chomwe opanga ake akuchisiya.

Mfundo ina imene ogulitsa sakonda kuitchula ndi yoti lamya imapita mbali ziwiri. Mu 2012 kampani ya M-KOPA ku Kenya inayamba kugulitsa magetsi a sola a pangongole okhala ndi simu mkati, oti ukalephera kulipira amazimitsidwa kuchokera ku ofesi. Njirayi yathandiza anthu ambiri kupeza katundu amene sakanatha kugula pakamodzi, ndipo inafalikira mpaka ku mapampu othirira. Ine sindikuitsutsa. Koma nyali ikazima mwana amangolephera kuwerenga usiku umenewo, pomwe pampu ikazimitsidwa sabata ya ngayaye mlimi wataya mbewu yomwe ikanabweza ngongoleyo. Musanasaine pepala, funsani kuti ndani winanso ali ndi mphamvu yozimitsa pampu yanu, akuchenjezani masiku angati asanatero, ndipo ngati malipiro angagwirizane ndi nthawi yokolola. Mlimi wa nachesi amagwira ndalama m'miyezi yozizira, osati mwezi ndi mwezi ngati mphunzitsi.

Kwa mabungwe ndi a ku khonsolo amene mumamanga masikimu, pempho langa ndi lapafupi. Mtengo wa bokosi lochenjeza ndi wochepa poyerekeza ndi wa pampu, mapanelo, thanki ndi mapaipi. Liikeni pa mndandanda wa zogula kuyambira pachiyambi, pamodzi ndi maphunziro a okonza a pamudzi pomwepo, mmalo mothera ndalama pa chikwangwani ndi mwambo wopereka sikimu. Uthenga uzilembedwa m'Chichewa chomveka, woti madzi atsika m'chitsime kapena panelo lachotsedwa, osati zilembo ndi manambala omwe amamva ndi injiniya yekha. Ndipo muutchere bwino. Bokosi lolira mtambo uliwonse ukadutsa pa dzuwa anthu adzalitopera sabata imodzi, ndipo lidzaona zomwe kanaona kachida ka ku Thambani kaja.

Ku sikimu ija pampu ina inafika mvula itagwa kale, chimanga chija atadyetsa mbuzi. Kachida kozimitsa pampu tinakabwezeretsa, ndipo komiti inagwirizana kuti wokagwiranso adzalipira chindapusa. Anasinthanso nthawi yothirira m'miyezi yotentha kuti chitsime chizipuma. Manambala anayi oti adzalandire uthenga anasankha okha: mlonda, mnyamata wa kabaza amene nyumba yake ili pafupi ndi dimba, mayi msungichuma aja, ndipo wapampando pomalizira. Wapampandoyo anadandaula pang'ono, koma anavomera atakumbutsidwa kuti nambala yoyamba ndi imene izidzuka usiku.

Bokosi lenilenilo sanagulebe. Ndalama zake anasonkha msika wa nachesi utatha, ndipo zili kwa mayi aja. Tagwirizana kuti tiyambe tayesa netiweki pa chitsime penipenipo kwa sabata yathunthu, masana ndi usiku, ndi foni ziwiri za makampani osiyana. Ikakana kugwira, ndalamazo tigulira mlonda njinga ndi tochi.